Ndikumadzidzimuka 2 koloko usiku mtima ukugunda. Kodi chikhulupiriro chandithera?

Zokambirana pa gulu la Akhristu a ku Salima ndi Nkhotakota

Mayi wa usipa, Senga Bay (Lachiwiri, 4:47 m'mawa)
Abale anga mwadzuka bwanji? Pepani ndalemba ena mukadali m'tulo. Papita masabata atatu ndikufuna kulemba, koma manyazi amandigwira. Ine ndine wa Chigwirizano, ndimavala yunifolomu, nyimbo pa msonkhano wa amayi ndimayambitsa ndine. Ndiye kunena poyera kuti ndili ndi mantha ndimaona ngati ndikuwachititsa manyazi Ambuye.

Bambo a kunyumba anagwira ntchito zaka 11 pa malo ena ogona alendo kuno. Nyanja itakwera mu 2024 mpaka madzi kulowa m'zipinda, alendo anachepa, kenaka tsiku lina anangowaitana n'kuwapatsa kalata. Kuyambira pamenepo banja lonse lili pa ine. Ndimagula usipa padoko n'kukagulitsa ku Lilongwe. Mwezi watha ndinatenga K400,000 ku banki mkhonde, ndinagula usipa wambiri, ndinayanika pa thandala. Usiku womwewo mvula inayamba, masiku atatu dzuwa osaoneka. Theka linawola. Mwana wathu wamkulu ali Fomu 1 ku sekondale yogonera komweko, fizi ya teremu ino sindinamalize.

Tsopano usiku uliwonse ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma. Ndikati ndipemphere, mawu satuluka. Bambo nawonso sagona, ndimawamva akutembenuka, koma palibe amayankhula ndi mnzake. Kodi munthu wopemphera angakhale ndi nkhawa chonchi? Kapena chikhulupiriro chinandithera ine osadziwa?

Mtsikana wa kwaya, Chipoka (5:02)
Pepani amayi. Ndawerenga misozi ili m'maso. Ndikukupemphererani pompano.

Mlaliki wachinyamata, Benga (5:20)
Amayi, Mateyu 6:34! Musadere nkhawa za mawa. Nkhawa ndi chida cha mdyerekezi. Imirirani, lengezani chigonjetso, zonse zikhala bwino mwezi uno usanathe. Ameni!

Wa kabaza, Kamuzu Road (5:41)
Achimwene, mwadziwa bwanji kuti zikhala bwino mwezi uno usanathe? Sindikunyoza, ndikufunsa ndithu. Nthawi ya kolera mu 2023 amayi anga anadwala Lachisanu, tinapemphera usiku wonse, anthu anandiuza mawu omwewa. Lamulungu tinali kumanda. Chinandipweteka kuposa maliro enieniwo n'chakuti pambuyo pake wina anandiuza kuti mwina chikhulupiriro chathu chinali chochepa. Chaka chonse sindinapondeko ku tchalitchi. Mawu amenewa amamveka okoma polankhula, koma mwezi ukatha zinthu osasintha, amayiwa adzayamba kuganiza kuti vuto ndi iwowo.

Mlaliki wachinyamata, Benga (5:49)
Pepani za amayi anu, achimwene. Koma ndiye tiziwauza chiyani anthu? Kuti zinthu ziipiraipira? Ife timalankhula moyo.

Siginala wa ku Chikombe (6:30)
Ndilowepo, ine sindine mlaliki, ndine munthu wa panyanja. Zaka 26 ndikupalasa bwato la nyali lokopera nsomba kutsogolo kwa ukonde wa chilimira, ndiyo ntchito ya siginala.

Amayi, pa Marko 4 pali nkhani ya namondwe ija. Anthu ambiri amaiwerenga ali pamtunda. Ine ndimaiwerenga ndikudziwa kulira kwa mwera ukayamba pakati pa usiku, gombe osaoneka, nyali zitazima. Choyamba, amene anachita mantha m'ngalawa muja sanali alendo panyanja. Petro, Andreya, Yakobo, Yohane, onsewo asodzi. Ankadziwa bwino kuti madzi akayamba kudzaza chonchija mapeto ake ndi otani. Mantha awo sanali uchitsiru, anali nzeru za munthu wodziwa ntchito yake. Inunso mukuwerengera bwino, mukudziwa K400,000 ndi chiyani, n'chifukwa chake tulo tikuthawa.

Chachiwiri, taonani mmene anamudzutsira Yesu. Sanayambe ndi nyimbo yotamanda. Anamufunsa mwaukali ngati sakusamala kuti iwo akufa. Inde anawafunsa za chikhulupiriro chawo, koma anayamba watontholetsa mphepo, ndipo palibe mmodzi yemwe anamutsitsa m'ngalawa. Anawoloka nawo onse.

Ife mphepo ikatipeza sitiyamba kuwerenga makilomita otsala. Wina amakapa madzi, wina amalozetsa mutu wa boti kumene mafunde akuchokera, chifukwa ukawapatsa nthiti wagubuduka. Aliyense amagwira chimene chili m'manja mwake. Pemphero la nthawi imeneyo limakhala mawu awiri basi, "Ambuye tithandizeni," ukukapa. Ngati mawu ataliatali sakutuluka 2 koloko, nenani awiriwo. Ndi pemphero lathunthu.

Mayi wa usipa, Senga Bay (6:52)
Abambo, zoti ophunzira aja anali asodzi ndinkazidziwa, koma sindinaziganizepo motero. Zikomo.

Mayi wa ku Dwangwa (7:35)
Achemwali, ndikuuzeni zanga. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 Dwangwa atasefukira, madzi anatipeza usiku. Ndinatuluka ndi mwana kumsana, wina kudzanja, chitenje chimodzi. Nyumba inagwa, mbuzi zinapita, chimanga cha m'dimba chinapita, ngakhale Baibulo langa la chikwati. Tinakhala pa sukulu milungu ingapo, mabanja ambirimbiri m'kalasi imodzi.

Anabwera anthu ambiri kudzatilimbikitsa. Ena ankati Mulungu akubwezerani kawiri ngati Yobu. Ndinkangogwedeza mutu, mumtima muli gwa. Koma kunabwera gogo wina wa mpingo wina, osati wathu, ananyamula poto wakuda ndi mthiko. Sanalalikire. Anati, "Mwanawe, ndili ndi mapoto awiri, wina ndi uyu." Anakhala nane pansi mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku limenelo ndi limene ndinayambanso kupemphera.

Kunena zoona, sanandibwezere kawiri. Nyumba imene tikukhala pano ndi yaing'ono kuposa ija, mbuzi ndili nazo ziwiri pamene ndinali nazo zisanu ndi zinayi. Mitambo ikada kumapiri mtima umandithamangabe. Koma ndinapeza Habakuku 3:17 ndi 18, pamene mneneri akuwerenga zonse zimene zasowa, mkuyu wosaphuka, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto, kenaka n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova. Chimene ndimakonda n'chakuti sananamizire kuti kholalo ladzaza. Analiyang'ana lili mbee, n'kunena zoona, ndipo Mulungu sanamuthawe. Poto uja ndikuphikirabe mpaka lero.

Mtsikana wa kwaya, Chipoka (7:44)
Eee amayi, poto ameneyo wandiliza.

Wogulitsa zovala, Salima boma (8:10)
*Uthengawu wachotsedwa*

Woyang'anira gulu (8:13)
Abale, ndachotsa uthenga umenewo. Pagulu pano sitiika manambala a anthu ogulitsa mafuta odzozedwa kapena madzi a m'botolo. Mayiyu ali kale ndi ngongole, musamuonjezere ina. Pemphero saligula.

Mkulu wa mpingo, Khombedza (9:05)
Zikomo a woyang'anira. Ndiyankhe mwana wathu wa ku Benga mwachikondi, chifukwa vesi imene wapereka ndi yoona, kungoti waidula pakati. Pa Mateyu 6:34 pomwepo Ambuye akumaliza ndi kunena kuti tsiku lililonse lili ndi zovuta zake zolikwanira. Ndiye kuti sakukana kuti zovuta zilipo. Akutiletsa kusenza mtolo wa mawa ndi wa mkuja pamwamba pa wa lero. Ndipo amene analankhula mawuwa ndi yemwe uja ku Getsemane anauza anzake kuti moyo wake wazingidwa ndi chisoni chofa nacho, n'kuwapempha kuti achezere naye. Ngati kuvutika mumtima usiku kuli tchimo, tinene kuti Ambuye anachimwa? Ayi.

Amayi, werengani Machitidwe 27 madzulo ano, mutu wonse. Paulo ali m'ngalawa kupita ku Roma, namondwe wawagwira masiku 14, dzuwa ndi nyenyezi osaoneka, katundu ataya m'madzi. Luka akulemba poyera kuti chiyembekezo chonse chakuti apulumuka chinawathera. Wolemba Uthenga Wabwino ameneyo, akuvomera kuti chinatha. Mngelo atabwera kwa Paulo sanalonjeze kuti ngalawa ipulumuka. Paulo anawauza mosabisa kuti ngalawa itayika, koma moyo wa munthu ngakhale mmodzi sutayika. Ndipo zinaterodi. Ngalawa inasweka, tirigu anamutaya m'nyanja, anthu 276 anafika kumtunda, ena posambira, ena atakangamira matabwa.

Pali kanthu kena kamene ndimakakonda m'nkhaniyi. Kusanache, Paulo anawadandaulira kuti adye. Anatenga mkate, anayamika Mulungu pamaso pa onse, ananyema n'kuyamba kudya, enawo n'kulimba mtima. Mphepo inali isanaleke. Ndiye ndikufunseni ngati mwana wanga: mukudya? Bambo akudya?

Ine sindingakulonjezeni kuti geni ya usipa ibwerera mmene inalili. Sindikudziwa, ndipo aliyense wonena kuti akudziwa akukunamizani. Chimene ndingaimepo n'chakuti amene anaukitsa Yesu kwa akufa sataya anthu ake, ngakhale ngalawa itasweka.

Wa kabaza, Kamuzu Road (9:22)
Abambo, akanandiuza chonchi pa maliro a amayi anga, bwenzi ndisanathawe tchalitchi.

Mlaliki wachinyamata, Benga (9:40)
Ndamva abambo. Komabe ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachita zozizwitsa lero lomwe. Ndaonapo ndi maso anga munthu amene madokotala anamutaya akudzuka. Tisafike pomaopa kupempha zazikulu.

Mkulu wa mpingo, Khombedza (9:47)
Pempha zazikulu mwana wanga, nanenso ndikupempha nawe. Kungoti usamuikire Mulungu tsiku pa kalendala m'dzina la munthu wina. Anyamata atatu aja pa Danieli 3 ananena kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, n'kuonjezera kuti ngakhale atapanda kutero, fanolo saligwadira. Mbali ziwiri zonsezo ndi chikhulupiriro.

Mayi wa usipa, Senga Bay (10:15)
Funso la kudya landigwira. Ine ndimaphikira ana, ndekha ndimangomwa tiyi. Bambo amangotsina kawiri n'kusamba m'manja. Masiku ano amakhala kuseri kwa nyumba okha, anzawo a bawo akabwera amati auzeni ndachoka.

Namwino, Salima (12:38)
Pepani ndachedwa, ndinali pa ntchito. Achemwali, ndilankhule za thupi, chifukwa nalonso analenga ndi Mulungu.

Kudzidzimuka usiku mtima ukugunda ndi thukuta zimachitika munthu akapanikizika maganizo nthawi yaitali, koma zimathanso kubwera ndi BP, shuga, kuchepa kwa magazi kapena malungo, makamaka nyengo ino ya mvula. Pitani ku chipatala akakuyezeni, kuyeza BP sikutenga mphindi zisanu. Mukafika musangonena kuti mutu ukupweteka. Nenani zonse monga mwalembera pano, kuti simukugona, simukudya, maganizo akuchuluka. Ku zipatala za boma za m'maboma kumakhala ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, ndipo kuonana nawo sikutanthauza kuti munthu wapenga. Tiyi wa masamba madzulo muyambe mwasiya, amathawitsa tulo.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi bambo. Munthu amene ntchito yamuthera, wasiya kudya, akubisala kwa anzake, ameneyo musamusiye yekha ndi maganizo ake. Malipoti a apolisi m'dziko muno amaonetsa kuti ambiri odzipha ndi abambo, ndipo ngongole ndi kusowa ndalama zimatchulidwa kawirikawiri. Sindikukuopsezani. Usiku uno mukawamva akutembenuka, agwireni dzanja muwauze kuti nanunso simukugona. Ndipo afunseni mosazungulira ngati maganizo ofuna kudzichotsa moyo amawabwerera. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo, kumamutsegulira khomo loti alankhule. Akavomera, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, uzani m'bale wawo amene amamukhulupirira, ndipo mubwere nawo ku chipatala osadikira.

Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha kuti afe, mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone, kenaka anamudyetsanso. Zili pa 1 Mafumu 19.

Siginala wa ku Chikombe (13:05)
Anamwino anena zoona. Ife amuna timafa ndi "ndili bwino." Ngati bambowo angalole, ine Loweruka ndikhala ku Senga Bay kukaona ukonde. Ndikhoza kuwapeza, osati kukawalalikira, kungocheza za panyanja.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu (14:20)
Ine ndilankhule za ngongoleyo, poti ndakhala wapampando wa banki mkhonde kwathu zaka zinayi. Amayi, cholakwika chachikulu chimene anthu amachita ndi kuthawa. Amasiya kubwera ku msonkhano, foni amazimitsa, ndiye gulu limapsa mtima n'kubwera kudzanyamula malata ndi mbuzi. Musadikire tsiku lobweza. Pitani kwa wapampando ndi msungichuma mawa, muwauze zimene zinachitika, ngati pali amene anaona usipa wowolawo mupite naye. Pemphani kuti mubweze pang'onopang'ono. Malamulo amasiyana gulu ndi gulu, koma ambiri amamva munthu wobwera yekha. Onsewo ndi amayi a geni, mvula imeneyo inawagwera nawonso.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, musapite kwa akatapila kuti mutseke dzenje ili. Mukatero mwakumba chitsime. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndaona mabanja ambiri akugulitsa minda chifukwa cha katapila amene anayamba ngati kangongole kochepa.

Za fizi, pitani nokha kwa ahedi, musatume mwana. Kalankhuleni za kulipira m'magawo. Mukafikenso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC mukafunse za thandizo la fizi kwa ana ovutika. Sindikuti mukapeza, ofuna ndi ambiri, koma dzina la mwana likalembedwe.

Komanso ine ndili ndi mpunga wa kilombero wotsala. Ndikupatsani thumba limodzi mukagulitse ku Lilongwe pamodzi ndi usipa wotsalawo, mudzandipatsa yanga mukagulitsa, phindu ndi lanu. Mpunga suwola ndi mvula ya masiku atatu.

Mayi wa usipa, Senga Bay (14:41)
Amayi, simukundidziwa n'komwe. Ndisowa chonena.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu (14:44)
Chaona mnzako chapita. Chaka cha ng'amba chija wina anandichitira zomwezi.

Agogo a ku Linga (17:10)
Adzukulu anga, andiwerengera zonse mdzukulu wanga, ndipo akundilembera ndi iyeyo poti maso anafooka. Ine ndine wa Anglican, ndinabatizidwa pa All Saints pano pa Nkhotakota.

Pa tchalitchi pathu pali manda a Bishopu Chauncy Maples. Munthuyu anagwira ntchito ya mishoni zaka zambiri, ndipo mu 1895 anamudzoza ku England kukhala bishopu wa Likoma. Akubwerera kudzayamba udindowo, boti lake linagubuduka ndi mphepo panyanja yathu yomweyi, n'kumira asanafike. Taganizani anthu amene ankamudikira ku Likoma. Anapemphera, anakonzeka, kenaka kunabwera uthenga wa maliro. Ndikhulupirira analipo amene anasweka mtima monga mnyamata wa kabazayu, n'kufunsa kuti Mulungu anali kuti. Yankho la funso limenelo ine ndilibe, ndakalamba ndisanalipeze. Chimene ndikudziwa n'chakuti patapita zaka zochepa, mu 1901, sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanja pano kunyamula aphunzitsi ndi mankhwala, ndipo ine amene ndinabadwa zaka zambiri pambuyo pake ndinaphunzira kuwerenga pa sukulu ya mishoni.

Ndipo musaiwale kuti Linga lino linali doko la akapolo nthawi ya Jumbe. Anthu ankawolotsedwa pano atamangidwa, osadzaonanso kwawo. Mtengo umene David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ulipobe. Amene ankalira pagombe pano masiku amenewo sanaone mapeto a malonda oipawo, koma anatha. Sindikunena kuti misozi yawo inali yaing'ono. Ndikunena kuti Mulungu amagwira ntchito yaitali kuposa moyo wa munthu mmodzi, ndipo ife timaona kachidutswa.

Ine ndaika m'manda mkazi ndi ana atatu. Njala ya 2002 ndinaiona, ya 1949 ndinali kamwana koma amayi ankaisimba. Nkhawa sinandisiye, mdzukulu wanga, imabwerabe ngati mlendo wodziwa njira. Kungoti masiku ano ikafika ndimaiuza kuti khala apo, ine ndiyambe ndalankhula ndi Atate. Ndimatchula ana anga ndi adzukulu mmodzimmodzi, ndikamafika kwa womaliza nthawi zambiri tambala walira.

Wa kabaza, Kamuzu Road (17:32)
Agogo, zikomo posanamizira kuti muli ndi yankho. Lamulungu ndipita ku tchalitchi. Sindikudziwa ngati ndikaimbe, koma ndikakhala kumbuyo.

Siginala wa ku Chikombe (18:01)
Kukhala kumbuyo n'kukhala m'ngalawa momwemo achimwene. Ndionjezere kamodzi. Pano chilumba cha Mbenji n'chotseka, mwa lamulo la mfumu Makanjira, monga zimakhalira nyengo ya mvula chaka chilichonse. Miyezi imeneyi m'matumba mwa asodzi mumakhala mopepuka, ndipo ukayang'ana panyanja suona chilichonse chikuchitika. Koma pansi nsomba zikuswana. Ife sitikhala manja lende, timasoka maukonde, timamata maboti phula. Kudikira kwa msodzi kumakhala ndi singano m'manja.

Mlaliki wachinyamata, Benga (19:15)
Amayi a ku Senga Bay, ngati mawu anga a m'mawa anakulemetsani, mundikhululukire. Ndinafulumira. Ine ndi anzanga awiri tagwirizana kuti tizidzuka 2 koloko sabata ino kukupemphererani inu ndi bambo. Mukadzidzimuka mudziwe kuti ku Benga kuli anthu ali maso.

Mayi wa ku Dwangwa (19:20)
Mundiwerengere nanenso. Nthawi imeneyo ndimakhala maso kale mvula ikamagwa.

Mayi wa usipa, Senga Bay (Lachisanu, 6:12 m'mawa)
Abale, ndabwera kudzakuuzani mmene zilili, poti munandinyamula.

Lachiwiri usiku ndinachita zimene anamwino ananena. Ndinawagwira dzanja bambo, ndinati inenso sindikugona. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka analira. Zaka 17 za banja sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo awo. Ndinawafunsa funso lija, pakamwa pakunjenjemera. Anati maganizowo anawabwererapo kawiri, poona kuti akungodya thukuta la mkazi. Mankhwala a chimanga ndinakasiya kwa alamu anga m'mawa mwake, ndipo achimwene awo akudziwa tsopano. Lachitatu tinapita limodzi ku chipatala. Ine BP yapezeka yokwera, andipatsa mankhwala. Bambo anacheza ndi wa zamaganizo pafupifupi ola lathunthu, abwererenso sabata ya mawa.

Ku banki mkhonde ndinapita. Sizinali zophweka, mayi mmodzi analankhula mawu owawa, koma pamapeto agwirizana kuti ndibweze m'miyezi itatu. Kwa ahedi sindinapitebe, ndipita Lolemba. Ndalama ya fizi sindikudziwa ichokera kuti.

Usiku wathawu ndinadzidzimukabe 2 koloko, mtima ukugunda chimodzimodzi. Ndinakumbukira kuti ku Benga ndi ku Dwangwa kuli anthu ali maso. Ndinanena mawu awiri aja a asiginala, ndinawadzutsa bambo, tinadya mbatata yotsala madzulo titakhala pamphasa, mvula ikugwa padenga. Tinawerenga za ngalawa ya Paulo ndi tochi ya pafoni mpaka pamene onse anafika pamtunda.

Asiginala, bambo avomera za Loweruka, akuti muwapeze padoko cha m'ma 9. Amayi a ku Lifuwu, thumba lija ndidzatenge liti? Ndikufuna ndikwere ya m'mawa Lachiwiri.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu (6:25)
Bwerani Lolemba madzulo mukachoka kwa ahedi. Mubwere ndi thumba lanu lopanda kanthu, langali lili ndi kabowo pansi.

Wa kabaza, Kamuzu Road (6:31)
Lachiwirilo mukatsika pa Kamuzu Road mundiimbire, ndidzakunyamulirani katunduyo mpaka pokwerera basi. Musalipire.